Tisanakugulitseni tayala, timayamba tafunsa msewu

Shopu yathu ili ku Luwinga kuno ku Mzuzu, ndipo ntchito yake ndi matayala ndi marimu a galimoto zoyenda m'misewu yovuta: ma Hilux, Land Cruiser, Prado, Ranger, D-Max, Navara ndi Pajero. Inayamba ngati malo omatira matayala ndi kupopa mpweya, ndi kompresa imodzi, jeki ndi zitsulo zotsegulira tayala. Kumatako ndi kumene kunatiphunzitsa kugulitsa, pakuti womata amaona tayala litavulala kale, ndipo amadziwa chimene chalivulaza. Lero tili ndi makina ochotsera tayala pa rimu, makina a balansi, ndi sipanala yoyeza kulimba kwa manati. Alayimenti, kutanthauza kuwongola mayang'anidwe a magudumu, sitichita tokha, timatumiza kwa anzathu amene ali ndi makina ake.

Galimoto zambiri zobwera kuno si zoseweretsa ayi. Yomweyo imatula ana kusukulu ku Katoto m'mawa, pakati pa sabata ikutsika Chiweta kupita ku Karonga, Loweruka yasenza feteleza kupita ku Mpherembe kapena yalowera ku Usisya. N'chifukwa chake munthu akafika n'kunena kuti, “Achimwene, ndipatseni aja a mano akuluakulu,” ife timayamba tafunsa: pa makilomita 100 alionse, ndi angati amene mumayenda pa phula? Mumanyamula chiyani, ndipo cholemera bwanji? Nthawi ya dzinja mumapita kumudzi kapena mumadikira kuti kuume?

Matayala a galimoto zoterezi ali m'magulu atatu, ndipo zilembo zake zimalembedwa pambali. H/T ndi la pa phula: silichita phokoso, silidya mafuta, koma pa katondo wonyowa mizere yake imadzaza msanga, tayala n'kusanduka losalala ngati sopo. M/T ndi la matope, mano ake ndi otalikirana kotero kuti likamazungulira limataya matope lokha. Koma pa phula limalira, limatha msanga ndiponso mosafanana, ndipo pa msewu wonyowa galimoto imatenga mtunda wautali kuti iime. Ganizirani m'mawa wa chifunga ku Chikangawa, phula lanyowa, kutsogolo lole ya matabwa yaima mosayembekezereka. Pamenepo mano akuluakulu aja sakuthandizani. Pakati pa awiriwa pali A/T, ndipo ndi limene timalangiza anthu ambiri. M/T timagulitsa ndi mtima umodzi kwa amene galimoto yawo imakhalira m'minda, m'nkhalango kapena m'misewu ya kumudzi dzinja lonse.

Pa saizi ndi pamene ndalama za anthu zimatayikira kwambiri. Tengani 265/65R17, limene limabwera pa ma Hilux ndi Prado ambiri. Nambala 265 ndi kufutukuka kwa tayala m'mamilimita. Nambala 65 ikutanthauza kuti mbali ya tayala, kuchokera pa rimu kufika pa mano, ndi 65 peresenti ya kufutukukako, kutanthauza mamilimita 172. Nambala 17 ndi kukula kwa rimu m'mainchesi. Tayala lonse limatalika mamilimita 776. Tsopano onani izi: 265/70R16 limatalika mamilimita 777, ndipo 265/60R18 limatalika 775. Onse atatu ndi ofanana msinkhu, koma mbali ya lija la rimu ya 16 ndi mamilimita 185, pamene la rimu ya 18 ndi 159 okha. Mbali imeneyi ndiyo imameza dzenje ndi mwala. Ikakhala yaifupi, dzenje limodzi lokuya limapana tayala pakati pa phula ndi rimu, ulusi wa mkati n'kuduka, m'mawa mwake mwapeza chotupa. Tayala la chotupa silimatika, ndi lotaya. Choncho amene akufuna kuchotsa rimu ya 17 kuti aike ya 20 chifukwa cha maonekedwe timamuuza mosabisa kuti misewu ya kuno imulipiritsa. Wofuna kutsika kupita pa 16 timayamba tayesa rimu imodzi kutsogolo, chifukwa pa galimoto zina imakhudza mabuleki.

Kukulitsa tayala pang'ono n'kotheka. Kuchoka pa 265/65R17 kupita pa 265/70R17 msinkhu umafika mamilimita 803, ndipo mimba ya galimoto imakwera mamilimita 13 okha. Wotchi ya liwiro imayamba kuonetsa mochepera ndi 3 peresenti, ndiye samalani ndi kamera ya apolisi. Galimoto imalemerako pokwera mtunda, mafuta amakweranso. Tisanalandire ndalama timaika tayala limodzi, kukhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, n'kuona ngati likukhula pulasitiki ya mkati kapena chotchingira matope. Timayesanso ngati tayala la sipeya likukwana pamalo pake pansi pa galimoto. Ambiri amaiwala zimenezi.

Pambuyo pa saizi pamabwera nambala ndi chilembo, monga 112S. Nambala 112 ikutanthauza kuti tayala limodzi limanyamula makilogalamu 1,120. 116 ndi 1,250. 121 ndi 1,450. Chilembo S ndi liwiro la makilomita 180 pa ola, Q ndi 160. Musatsike pansi pa nambala imene ili pa chikwangwani cha pakhomo la dalaivala. Kwa onyamula matumba a chimanga, simenti kapena madiramu timalangiza matayala olembedwa LT, amene mbali zake ndi zolimba ndipo sabooka msanga ndi miyala yakuthwa ya msewu wa Gorodi wokwera ku Livingstonia kapena wopita ku Nyika kudzera ku Thazima. Koma LT ya 10 ply (nambala ya ply ikamakwera, tayala limakhala lolimba kwambiri) pa Prado yongoyenda ndi banja imagwedeza anthu mpaka msana kuwawa. Ya 6 kapena 8 ply imakwana.

Marimu ali ndi misampha yakeyake. Kuwerenga mabowo kokha sikokwanira. Hilux ya 4x4, Prado, Fortuner, Ranger, D-Max ndi Pajero zili ndi mabawuti 6 pa bwalo la mamilimita 139.7, koma Navara D40, ngakhale ilinso ndi 6, bwalo lake ndi 114.3. Land Cruiser 100, 200 ndi 79 zili ndi mabawuti 5 pa 150. Bowo la pakati nalonso limasiyana: la Hilux ndi mamilimita 106.1, la Ranger ndi 93.1. Motero rimu ya Ranger siingalowe pa Hilux, ndipo ya Hilux ikaikidwa pa Ranger imasiya mpata umene umafuna mphete, kupanda kutero chiwongolero chimatha kunjenjemera. Kenako pali nambala ya ET yolembedwa kuseri kwa rimu. Ikamachepa, gudumu limatulukira kunja. Kukongola kumakongola, koma limaponyera matope ndi timiyala pa zitseko, limakhula pokhota, ndipo limatopetsa mabering'i. Ma spacer otchipa, zitsulo zoika kuseri kwa rimu kuti gudumu litulukire kunja, sitisunga n'komwe.

Manati musawaderere. Marimu a aluminiyamu ochokera ku fakitale ya Toyota amafuna nati yafulati ya washala, pamene marimu ambiri ogula padera amafuna nati yosongoka. Mukasokoneza, nati imagwira pang'ono pokha, imamasuka m'mabampu, bowo la rimu n'kukula. Mazinga nawonso ndi osiyana: Hilux ndi M12 x 1.5, Nissan ndi M12 x 1.25, ndipo kukakamiza kumapha bawuti. Ife timamanga ndi dzanja poyamba, modumphitsa ngati nyenyezi, kenako timamalizira ndi sipanala yoyeza motsatira buku la galimoto. Kupondera sipanala ndi mwendo kapena kuikapo paipi ndiko kumakoka bawuti mpaka kudzaduka m'njira. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100 mubwerenso tiyeze, ndi zaulere.

Kwa oyenda kutali ndi tauni, rimu yachitsulo ili ndi ubwino umodzi waukulu: ikapindika, hamala imaiwongola mokwanira kukufikitsani kunyumba. Ya aluminiyamu ndi yopepuka koma imang'aluka. Matayala a Land Cruiser a rimu yogawanika, a 7.50R16 ndi chubu, amamatika paliponse, koma mphete yake ikapanda kukhala bwino imafwamphuka popopa ndipo ikhoza kupha munthu. Tayala lotere timalipopa litamangidwa ndi tcheni, munthu ataima pambali.

Matayala a kaunjika tinasankha kusagulitsa, ngakhale phindu lake ndi lokoma. Ngati thumba lakukakamizani kukagula kwina, yang'anani manambala anayi omalizira pa mzere woyamba ndi zilembo za DOT pambali pa tayala: 2319 ikutanthauza kuti linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Lopitirira zaka zisanu ndi chimodzi lisiyeni, ngakhale mano ali bwino. Lowetsani dzanja mkati mufufuze zigamba, makamaka pambali. Onani pansi pa mizere ngati sanachite kusema ndi mpeni kuti lioneke latsopano. Losemedwa limaonetsa timizere tosafanana, nthawi zina ngakhale waya. Galimoto zobwera kuchokera ku Japan kudzera pa Songwe nthawi zambiri zimafika ndi matayala olembedwa STUDLESS. Amenewo anapangidwira chipale chofewa, mphira wake ndi wofewa, ndipo pa phula lotentha la Okutobala amatha msanga komanso sagwira bwino.

Pa 4x4, matayala onse anayi akhale a saizi imodzi, mtundu umodzi, ndipo akhale otha mofanana. Akasiyana msinkhu, magudumu akutsogolo ndi akumbuyo amakokana mukalowetsa 4H, giya yokoketsa magudumu onse anayi, ndipo chimene chimavutika ndi transfer case, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, imene mtengo wake umaposa wa matayala. Sipeya nayo ikhale ya saizi yomweyo. Timasinthanitsa malo a matayala pa makilomita 10,000 alionse. Bowo la msomali pa mano, losapitirira mamilimita 6, timamata kuchokera mkati. La pambali timakana kumata, ndipo ena amachoka atakhumudwa.

Mpweya timayeza matayala asanatenthe, motsatira chikwangwani chija cha pakhomo, osati nambala yolembedwa pa tayala, chifukwa imeneyo ndi malire chabe. Pa msewu wafumbi wa mabampu, galimoto yopanda katundu wambiri ikhoza kutsitsidwa kufika pa PSI (muyezo wa mpweya pa geji) 26 mpaka 28, liwiro nalo n'kutsika. M'matope 22 amathandiza, mumchenga wa kunyanja 18. Pansi pa 15 tayala likhoza kuvuka pa rimu pokhota. Mukabwerera pa phula popani nthawi yomweyo, chifukwa tayala lophwa likathamanga limatentha mkati mpaka kuphulika. N'chifukwa chake pa shelefu yoyandikana ndi khomo tinaikapo timakompresa tolumikiza ku batire, geji ya mpweya ndi zingwe zomatira, ndipo aliyense wogula seti ya matayala timamuonetsa kagwiritsidwe kake asananyamuke.