Makiyi a gulu ndinali nawo m'thumba mwanga ku Tete

Ndakhala pulezidenti wa kagulu kathu ka alimi a kachewere kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, zaka zingapo ndithu, ndipo pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawabe mumtima ndikachikumbukira, ndiye lero ndati ndichilembe kuti anzanga amene mukutsogolera magulu ku Tsangano, Macanga ndi kwina muchimve.

Gulu lathu tinalembetsa bwinobwino kuboma la distrito, paja lamulo la 2006 lija limalola alimi okwana 10 kupanga asosiyasau yawo popanda kupita mpaka ku Maputo. Papepala zonse zinalipo, pulezidenti, mlembi, msungichuma, ngakhale anthu oyang'anira kayendedwe ka ndalama. Koma zoona zake gulu linali ine ndekha basi. Kiyi wa nyumba yosungira matumba ndimamangirira pachingwe cha thalauza langa, nambala ya M-Pesa yolandirira ndalama inali yanga, ma nambala a ogula onse anali mufoni yanga, mtengo ndimatchula ndine. Anthu amanditcha shefi ndipo ndinkaona ngati kugwira zonse chonchi ndiye kulikonda gulu.

Ndiye mwezi wa Okutobala mayi anga anadwala mwadzidzidzi, tinakwera shapa, minibasi ya kuno kwathu, m'bandakucha kuchoka ku Ulongwe kutsika pa Mussacama, Moatize, mpaka kuwoloka Zambezi kulowa mumzinda wa Tete, ulendo wa makilomita opitirira 200, ndipo mutu wanga wonse unali pa mayi, sindinaganize n'komwe zosiya kiyi. Tsiku lachiwiri lole ya wogula wina amene amakagulitsa ku msika wa Kwachena ku Tete inafika kumudzi. Foni yanga inali itazima. Anzanga anaima pakhomo lokhoma, matumba akuwaona pazenera, palibe amene analimba mtima kuthyola loko, ndipo ngakhale akanathyola palibe amene ankadziwa mtengo umene tinagwirizana ndi bamboyo. Anadikira mpaka dzuwa litapendeka kenako analiza lole kupita ku Tsangano, kachewere kumeneko ndi wosasowa.

Nditabwerera patatha masabata awiri ndinatsegula chitseko fungo linandilandira. Matumba apansi anali atanyowa, ukapisa dzanja mbatata ikungophwanyika, ina itamera timaso toyera. Mayi wina wamasiye amene anali ndi matumba 12 mmenemo sanandikalipire ayi, anangoti "a pulezidenti, ndalama ya feteleza ndiitenga kuti?" Mawu amenewa andikhala mpaka lero.

Pa msonkhano wotsatira ndinaika kiyi patebulo. Tinagula loko wa makiyi 3, mmodzi kwa ine, wina kwa msungichuma, wina kwa mayi amene amakhala pafupi ndi nyumbayo. Ma nambala a ogula tinawalemba m'kope lachikuto cholimba limene limakhala kwa mlembi. Koma chimene chinasintha zinthu kwambiri ndi nkhani ya mtengo, Loweruka lililonse nthawi yokolola timakhala pansi n'kumvana mtengo wotsikitsitsa wa thumba, wina amabwera ndi mtengo wa ku msika wa Lizulu ku Malawi, wina waimbira m'bale wake ku Tete, ndiye wogula akafika aliyense wa mu komiti angathe kugulitsa bola asatsike pamenepo. Izi zinatithandiza zedi mu Novembala 2023 pamene kwacha ya ku Malawi inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ogula a kutsidya anabwera ndi ma kwacha awo akufuna kuwerengera mtengo wakale, ine kunalibe tsiku limenelo, koma msungichuma wathu, mtsikana woti anangomaliza kalasi 12, anawauza mwaulemu kuti bambo, gulu linamvana mtengo mu metikali, mukasinthe kaye.

Sikuti zinayenda myaa. Akuluakulu ena sanakondwe kuti mwana wamkazi azigwira ndalama, mmodzi anachita kundiitanira pambali n'kundiuza kuti ndikudzichotsera ulemu ndekha. Inenso masiku oyamba mtima unkandisautsa ndikamva kuti agulitsa ine osandifunsa, nthawi ina anagulitsa motsikirapo kuposa mmene ndikanakakamirira ine ndipo ndinayenera kudzigwira kuti ndisalankhule pagulu, chifukwa sanaphwanye zimene tinamvana, ndipo ndikanawadzudzula tsiku limenelo sakanayerekezanso kugulitsa popanda ine. Mutu umodzi susenza denga timanena tonse, koma kupereka kiyi m'manja mwa munthu wina n'kutseka pakamwa pako akamagwira ntchito mosiyana ndi iwe, pamenepo mpamene pali povuta.

Mayi wamasiye uja gulu linamubwereka matumba 2 a feteleza chaka chimenecho, theka la ngongoleyo ndinalipira ine. Pano ndi iyeyo amene amasunga kiyi wachitatu, amamumangirira pa nsonga ya chitenje.