Makatiriji anayi apita ndi magetsi, wodwala wabwerera chimanjamanja

Ndikulemba izi mkwiyo usanatsike, ndipo anzanga a m'malabu a kuchigwa kuno andimvetsa msanga. Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: malungo, magazi a amayi a sikelo, shuga, mikodzo. Chomwe chandidya mumtima ndi cha Lachitatu.

Mukudziwa kuti GeneXpert, makina athu oyezera TB m'makhololo, safuna chipinda chotentha kupitirira madigiri 30, ndipo makatiriji ake, timabokosi tothiramo makhololo poyeza, amasungidwa pakati pa 2 ndi 28. Kuno mu Okutobala dzuwa likafika pamutu timakamba za 40. AC yoziziritsa m'chipinda chathu idafa kalekale, ndiye timathamangira kuyeza m'mawa, makatani otseka, fani ikungotembenuza mpweya wotentha womwewo. Mabatire a UPS, kachipangizo kamene kamapatsa makinawa mphamvu magetsi akazima, nawo adatha mphamvu. Zonsezi zili m'malipoti a mwezi ndi mwezi, ndipo amene amasayinira malipotiwo amazidziwa bwino lomwe.

Tsikulo a dokotala adabwera okha ndi kabotolo ka makhololo m'manja. "Achimwene, awa muwaike patsogolo. Adamaliza mankhwala a TB miyezi isanu ndi umodzi, chifuwa chabwereranso. Ndikukayika ngati rifampicin akugwirabe." Mwini makhololowo ndidamuona pawindo, mayi woonda zedi, chitenje atachizunguliza kawiri m'chiuno, mnyamata wake atamugwira padzanja.

Wodwala wotereyu maikulosikopu sakuthandiza mokwanira. Utoto wa Ziehl-Neelsen, womwe udayamba m'zaka zomwe Robert Koch adatulukira kachilomboka mu 1882, umangokuuza kuti tizilombo tilimo, ndiponso timayenera kukhala masauzande angapo mu mililita imodzi kuti utione. Zoti tikumva mankhwala kapena ayi, sungadziwe. GeneXpert ndiye amafufuza DNA ya kachilomboka, n'kuyang'ana pa jini ya rpoB pomwe pamasintha kachilombo kakasiya kumva rifampicin, amodzi mwa mankhwala akuluakulu a TB. Kale zimenezi zinkafuna kutumiza makhololo ku Lilongwe n'kudikira masabata. Chiyambireni pamene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidavomereza njirayi mu Disembala 2010, yankho limatuluka maola awiri asanakwane. Ine ntchito imeneyi ndimainyadira, ndipo makinawa ndimawasamala ngati anga.

Ndidasakaniza makhololo a mayiwa ndi a odwala ena atatu ndi mankhwala osungunulira, kudikira mphindi 15, kuthira m'makatiriji, n'kudzaza mamodyulo onse anayi, tizipinda ta makinawa tolowetsamo makatiriji. Kutatsala pang'ono kuti amalize, magetsi thi! UPS idalira kamodzi n'kukhala chete. Ndidathamangira kwa a jenereta, akuti dizilo watsala wa ku fiyeta ndi kochirira basi, labu idikire. Sindikuwada, iwonso amagwira ndi zomwe apatsidwa. Koma makatiriji anayi adathera pomwepo, ndipo katiriji ikayamba n'kuima siibwereranso m'makina. Imodzi ndi pafupifupi madola 8, ngakhale mtengo udatsika kuchoka pa 9.98 mu 2023. Makhololo otsala, osakaniza kale, sakhalitsa, ndipo furiji nayo idali itazima. Magetsi adabwera usiku.

Odwala atatu enawo ndi ogonekedwa, tidatenganso makhololo m'mawa mwake. Mayi uja ndiye adachokera kutsidya kwa mtsinje. Ndidawapeza pansi pa mtengo wa nimu atatsamira thunthu, akupuma movutikira. Nditawafotokozera adandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye ndibwerenso, bambo? Ya kabaza yomweyi ndachita kukongola."

Tidayesa kuti akhosomole ena pomwepo, koma kudangotuluka malovu. Ndidawapatsa kabotolo kuti alavuliremo m'mamawa akangodzuka. Lachinayi sadabwere, ndipo tsiku lonse ndimayeza malungo maso ali pakhomo. Amene adatipulumutsa ndi HSA, mlangizi wa zaumoyo wa dera lawo, yemwe adapalasa njinga yake Lachisanu m'bandakucha, kabotolo kali m'kabokosi kozizira. Zotsatira zidatuluka monga adaopera a dokotala: TB ilimo, ndipo sikumva rifampicin. Masiku awiri amenewo mayiwa adagona m'nyumba ya chipinda chimodzi ndi ana awo, akukhosomola, mankhwala oyenera asadayambe. Akadapanda HSA uja bwenzi tikuwalemba m'buku la odwala osabweranso.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ndalama sizisowa pa zonse. Ya misonkhano ya kunyanja imapezeka, ma alawansi amatuluka pa nthawi yake, galimoto za mabwana sizigona ndi njala ya mafuta. Ukatchula mabatire, ukatchula AC, ukatchula sola ya labu, yankho ndi lakuti bajeti yatha, tidikire kota ikubwerayi. Kenako anthu omwewo amabwera ndi mafomu kudzafunsa chifukwa chake ma error achuluka, chifukwa chake makatiriji sakugwirizana ndi chiwerengero cha oyezedwa. Modyulo imodzi yayamba kale kukana ntchito kukatentha, ndipo ikafa adzati ndife osasamala. Alendo akabwera timauzidwa kupukuta makinawo kuti awajambule.

Loweruka ndidalowa theka la tsiku, kuthira magazi mwana wa malungo aakulu ndi kumaliza rejisitala. Lolemba HSA akubweretsa makhololo a onse a m'nyumba ya mayi aja amene akukhosomola, ndipo ndawauza a dokotala kuti ndidzayatsa makina 5 koloko m'mawa. Kalata ya mabatire ndalembanso, ulendo uno ndaphatikizapo pepala la zotsatira za mayiwa, dzina nditalifuta, ndipo ndikaipereka ndekha m'manja mwa abwana pa msonkhano wa m'mawa, pamaso pa onse.