Botolo likatha, kodi ndiye kuti mankhwala amwedwa?

Pa zenera loperekera mankhwala funso limene timafunsa kwambiri ndi lakuti, "Mankhwala mukumwa?" Yankho lake timalidziwa tisanafunse n'komwe: "Eya, ndikumwa." Ndani anganene zina ataima pamaso pa munthu wovala zoyera, kumbuyo kwake kuli mzere wa anthu otchera khutu?

Ntchito yanga ndi yopereka mankhwala kwa anthu amene adzamwa moyo wawo wonse: a BP, a shuga, a khunyu, a ma ARV. Mu 2003 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa lipoti lonena kuti ngakhale m'mayiko olemera, odwala matenda okhalitsa amene amatsatira malangizo a kamwedwe ndi theka lokha. Chiwerengero chimenechi chimandivutitsa maganizo chifukwa ndimadziwa chimene chimatsatira. BP ikapanda kutsika, dokotala ayenera kusankha: mankhwalawa sakugwira, kapena sakumwedwa? Akaphonya pamenepa amakweza mulingo, kapena kuwonjezera mtundu wachiwiri ndi wachitatu. Tsiku limene munthuyo adzagonekedwe m'chipatala, anamwino n'kumamumwetsa onse pa nthawi yake, BP imagwa mwadzidzidzi, chizungulire n'kumugwira. Ndiye kuyeza kamwedwe si nkhani yongodzaza mafomu ayi.

Njira yakale ndi yowerenga mapiritsi. Ndimawakhuthulira pa thireyi n'kumawakankha asanuasanu. Munthu anapatsidwa 30 oti azimwa limodzi pa tsiku, wabwera patatha masiku 28, ndiye kuti atsale awiri. Akatsala 9, masiku 7 anadutsa osamwa. Masamu ake ndi osavuta, koma anthu amazindikira msanga kuti tikuwerenga, ndipo ena amasiya otsalawo kunyumba kapena kuwataya kuti asakalipiridwe. Ku America, m'kafukufuku wotchedwa Lung Health Study, ofufuza adaika kachipangizo kolemba nthawi pa mankhwala opopera m'kamwa, ndipo adapeza kuti anthu ena ankangopopera mobwerezabwereza kwa kanthawi kochepa tsiku lokaonana ndi achipatala litayandikira, kuti chitini chipepuke. Kunena zoona, ine mtima umakhala m'malo ndi munthu wobwera ndi mapiritsi 9 kusiyana ndi amene mwezi ndi mwezi amatsala ndi awiri ndendende.

Njira ina ndi yoyang'ana m'kaundula kapena pa kompyuta masiku amene munthu anabwera kudzatenga mankhwala. Timaona kuti pa masiku onse, ndi angati amene anali ndi mankhwala m'manja. Pa masiku 180, ngati anali nawo masiku 144, ndiye kuti wafika pa 80 peresenti, malire amene ambiri amati munthu akafikapo akumwa bwino. Malirewa adachokera ku kafukufuku wa mankhwala a BP wa m'zaka za m'ma 1970, ndipo sindikhulupirira kuti amakwanira matenda onse. Taganizirani anthu awiri, onse a 80 peresenti. Wina amaiwala tsiku limodzi pa masiku asanu aliwonse. Wina anamwa bwinobwino, kenaka n'kusiya masiku 36 otsatizana. Pa pepala ndi ofanana. Koma kwa munthu wa khunyu masiku 36 amenewo akhoza kumugwetsa, ndipo kwa wa ma ARV amapereka mpata woti kachilombo kachulukane. Komanso kutenga mankhwala n'kwina, kumeza n'kwina.

Pali mabotolo a zivindikiro zamagetsi zolemba ola limene zatsegulidwa. Ndi odula, ndipo sathandiza kwa munthu amene amasamutsira mapiritsi a sabata yonse m'kabokosi. Kuyeza mankhwala m'magazi kapena m'mkodzo kumatsimikiza kuti analowadi m'thupi, koma nthawi zambiri kumangoonetsa za masiku ochepa apitawo, choncho amene wayambiranso kumwa dzana amaoneka wokhulupirika. Kuyeza magazi kotchedwa HbA1c kumapenya patali, kumaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, ndipo viral load, kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, imasonyeza ngati ma ARV akupondereza kachilombo. Zonsezi zimatiuza kuti pali vuto, koma chifukwa chake sizinena.

Chifukwacho ali nacho ndi mwini wake, ndipo amachitulutsa malinga ndi mmene wafunsidwira. Ine ndimatsitsa mawu, botolo lili m'manja, n'kunena kuti, "Amayi, kumwa tsiku lililonse kumavuta aliyense. Sabata yathayi ndi masiku angati amene zinakanika?" Mayi wina wachikulire, amene m'kaundula munkaonetsa kuti amachedwa kudzatenga mankhwala pafupifupi ulendo uliwonse, anayamba wakhala chete, kenaka anati, "Mwana wanga, aja okodzetsa aja sindimwa tsiku limene ndili ndi ulendo. Ndikachita manyazi pa njira." Sikunali kuiwala, sikunali mwano. Palibe chivindikiro chamagetsi chimene chikanalemba zimenezo.

Tinakambirana ndi adokotala, ndipo m'malo mowawonjezera mankhwala ena anagwirizana nawo kuti tsiku la ulendo azimwa akafika kumene akupita, bola kusanade. M'fayilo yawo ndinalemba zinthu ziwiri: mapiritsi amene anatsala, ndi mawu awo aja mmene anawanenera, kuti amene adzawaone ulendo wotsatira ayambire pamenepo.