Valavu ya brass ndi masentimita 5 zimene zinapha makorali m'thanki ya malita 650

Pa kampani yathu yoika ndi kusamalira mathanki a nsomba ndi makorali (tizamoyo ta m'nyanja ya mchere tokhala ndi chigoba cholimba ngati mwala), sabata ino ikanadutsa ngati ina iliyonse pakanapanda thanki imene tinaitanidwira Lachitatu. Lolemba tinakayeza malo a thanki yatsopano ya mamita awiri m'litali, ndipo tsiku lonse linathera pa nkhani ya pansi. Eni nyumba amafuna ikhale m'chipinda cham'mwamba, pakati penipeni, pomwe pansi pake ndi pa matabwa. Tinawawerengera papepala: lita imodzi ya madzi amchere imalemera makilogalamu 1.025, galasi la mamilimita 12 limalemera makilogalamu 30 pa sikweya mita, ndiye mukaonjezera miyala, mchenga, sump (thanki yaing'ono ya pansi momwe madzi amasefedwera) ndi choikapo chachitsulo, zonse zimapitirira tani imodzi. Tinagwirizana kuti injiniya aone kaye mitanda ya pansi, ndipo akavomera, thanki ikhale pafupi ndi khoma lonyamula nyumba, itapingasa mitandayo. Lachiwiri linali la masiku onse: kusintha madzi 10 peresenti m'mathanki anayi, kutsuka makapu a skimmer (makina ochotsa litsiro m'madzi ndi thovu), ndi kusintha resin (timikanda tosefera) pa makina ena a RO/DI, osefa madzi kuti asakhale ndi mchere uliwonse, amene TDS yake (mlingo wa zosungunuka zotsala m'madzi) inali itakwera kufika pa 3.

Lachitatu m'mawa inabwera foni yoti makorali akuyera m'thanki ina imene kampani yathu inaika miyezi iwiri yapitayo. Ndi ya masentimita 180 m'litali, 60 m'lifupi ndi 60 msinkhu, kutanthauza malita 648 ikadzaza mpaka pakamwa. Mukachotsera malo a miyala ndi kuonjezera madzi a mu sump, madzi onse ozungulira ndi pafupifupi malita 700.

Nkhono zonse zinali zitagwa kuchoka pagalasi, zili chagada pamchenga. Ma cleaner shrimp (tinkhanu toyeretsa nsomba) awiri anali atafa. Makorali a Acropora anali akusupuka mnofu kuyambira kutsinde kukwera m'mwamba, kusiya chigoba choyera mbee, ndipo makorali a Euphyllia anali atabwerera m'zigoba zawo. Koma nsomba, ma clownfish awiri ndi tang mmodzi, zinali kusambira bwinobwino ndi kudya. Pamenepo mpamene pali poyambira. Vuto likakhala ammonia (poizoni wochokera ku ndowe za nsomba ndi zowola) kapena kuchepa kwa okosijeni, nsomba zimaoneka msanga, zikupuma mwawefuwefu pamwamba. Zikamafa nkhono, shrimp ndi makorali nsomba zili bwino, ganizani za mchere kapena kopa.

Refractometer, chipangizo choyezera mchere m'madzi, tinayamba taikonza ndi madzi oyezera a 35 ppt (magalamu 35 a mchere pa kilogalamu ya madzi), osati madzi a RO, chifukwa ikakonzedwa pa 0 imatha kunama pa mlingo umene tikuufunawo. Inaonetsa 29 ppt. Alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi) inali 6.6 dKH, kashiamu 355 ppm, magnesium pafupifupi 1100. M'buku la thankiyo, tsiku lopereka ntchito munalembedwa 35 ppt, 8 dKH, 430 ndi 1320. Manambala anayi onsewo anatsika mofanana, aliyense ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi. Makorali akamadya satsitsa motero: pa dKH imodzi iliyonse amatenga kashiamu wokwana 7 ppm basi, magnesium osasuntha kwenikweni, mchere osasintha n'komwe. Madziwa anali atasungunulidwa ndi madzi opanda mchere, ndipo ambiri.

Kumene anachokera kunaoneka titangotsegula zitseko za pansi. Thabwa linali litafufuma, ndipo m'mbali mwa sump munali mchere wouma wotsetsereka mpaka pansi. Tinazimitsa pampu yobwezera madzi ndi kuyang'ana. Madzi a m'thanki anayamba kubwerera chambuyo kudzera mu paipi yobwezera, ndipo sakanaleka mpaka kamwa ya paipiyo itayamwa mpweya. Kamwayo inali masentimita 5 pansi pa madzi. Pa thanki ya 180 kwa 60, sentimita imodzi iliyonse ndi malita 10.8, ndiye masentimita 5 ndi malita 54, osawerengera otsalira m'mapaipi. Mu sump munali malo a malita pafupifupi 25 okha. Tikanapanda kuyatsanso pampu msanga, malita 30 akanathira pansi tikuona.

Zotsatira zake n'zosavuta kulondola. Magetsi akazima, malita 30 a madzi amchere amataika. Akabwera, pampu imakoka madzi kudzazanso thanki, chipinda chomaliza cha sump chimatsika, ndipo ATO (makina obwezera okha madzi ouluka) imaona ngati madzi auluka ndi nthunzi, n'kuyamba kuthira madzi opanda mchere. Ikanakhala ndi chigubu chake ikanaleka chitatha. Koma apa inali italumikizidwa mwachindunji ku makina a RO/DI, ndiye inathira mpaka kukwanitsa malita onse otaika. Eni nyumba anati kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba magetsi anazima kanayi, ndipo wothandiza pakhomo ankangokolopa, poganiza kuti ndi mmene mathankiwa amachitira. Palibe anamuuzapo kuti madzi pansi ndi chizindikiro choimbira foni. Mukachotsa malita 30 pa 700 kanayi, nthawi iliyonse n'kubwezera madzi opanda mchere, 35 ppt imafika pa 29. Masamu ndi refractometer zinagwirizana.

Amene anaika thankiyi anadalira check valve kuti itseke madzi obwerera. Tonse tikudziwa kuti m'madzi amchere valavu yotere siyodalirika, chifukwa kachigoba kamodzi kapena kashiamu wokakamira pachitseko chake ndi wokwanira kuti isatseke. Koma chimene chinandiwawa kwambiri ndi chimene tinaona titaimasula. Inali ya brass, m'kati mwake mutabiriwira. Brass ndi chitsulo chosakaniza kopa ndi zinki, madzi amchere amachidya, ndipo kwa miyezi iwiri dontho lililonse la m'thankiyi limadutsa m'menemo kangapo pa ola. Chiyezo chathu chinaonetsa kopa wa pafupifupi 0.07 ppm, pamene m'thanki ya makorali chiyenera kuonetsa 0. Pa mlingo wotsika chotere ziyezo zam'manja sizilondola kwenikweni, ndiye tinatunga madzi ena tisanakhudze kalikonse kuti akayezedwe ndi ICP, chiyezo cha ku labotale cholondola kwambiri. Koma nkhono zinali zitayankha kale.

Zifukwa zake ndinazipeza m'mapepala a ntchitoyo, ndipo palibe chimodzi chimene chinachitika mwangozi. M'sitolo yathu munalibe mavalavu a PVC sabata imeneyo, ndipo akuluakulu anati aike yomwe ilipo popeza eni nyumba analonjezedwa tsiku. Chigubu cha ATO chinafufutidwa pa mndandanda wa zipangizo kuti ntchito ioneke yotsika mtengo. Kuyesa kuzimitsa magetsi, komwe kumatenga mphindi 10, sikunachitike, ndipo pamalo pake palibe anasaina. Acropora analowa thanki ili ndi masabata asanu okha, pamene makorali a mtundu umenewu amafuna thanki yokhazikika kwa miyezi ingapo, alkalinity yake yodziwika mmene imayendera tsiku ndi tsiku. Anyamata amene anatumidwa ndi ogwira ntchito bwino, koma anapatsidwa masiku awiri pa ntchito ya masiku anayi, ndi zipangizo zosakwanira.

Pokonza tinayamba ndi kuchotsa zakufa zonse, chifukwa nkhono zowola m'thanki yatsopano zimakweza ammonia usiku umodzi. Valavu tinaichotseratu, n'kulumikiza paipi ya PVC yokhala ndi union (cholumikizira chomasulika), osaikanso check valve ina. Kamwa ya paipi yobwezera tinaikweza kufika sentimita imodzi ndi theka pansi pa madzi, kuti obwerera akhale malita pafupifupi 16 okha. Ena amaboola kabowo ka mamilimita 3 pansi pang'ono pa madzi kuti kadule kukokako. Kamathandiza, koma ndere zimakatseka, ndiye sikangakhale chitetezo chokhacho. Mlingo wa madzi mu sump tinautsitsa kuti mutsale malo a malita 40, n'kulemba mzere pagalasi. Kenaka tinazimitsa magetsi onse katatu, nthawi iliyonse kudikira mpaka madzi ataima zii. Panalinso soketi imene inali pansi m'kabati, pomwe madzi ankadutsa. Tinaikweza pakhoma, zingwe zonse n'kuzipinda kuti dontho ligwe lisanafike pa pulagi, ndi kutsimikiza kuti pali RCD ya 30 mA, yodula magetsi akatayikira.

ATO tinaidula ku makina a RO/DI n'kuipatsa chigubu cha malita 20. Kukula kumeneku sikongosankha. Thanki imeneyi imauluka malita pafupifupi 7 patsiku, ndiye chigubucho chimakwana masiku awiri kapena atatu, ndipo ngakhale sensa italephera n'kuthira chonse nthawi imodzi, malita 20 pa 700 amatsitsa mchere ndi 1 ppt yokha.

Kukweza mchere ndiye kumafuna kudekha. Kuthira mchere wouma m'thanki kuti ifike 35 tsiku lomwelo kukanamaliza makorali otsalawo, pakuti zamoyo zam'madzi zimavutika kwambiri mchere ukakwera mwadzidzidzi. Tinakonza zosintha malita 100 patsiku ndi madzi a 35 ppt, omwe tsiku loyamba amakweza pafupifupi 0.9 ppt ndi kuchotsanso gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri a kopa wosungunuka. M'chigubu cha ATO tinaikamo madzi amchere kwa masiku ochepawa, kuti ouluka aziwonjezera pafupifupi 0.3 ppt patsiku. Malita 100 amafuna mchere wa makilogalamu pafupifupi 4, wothiridwa pang'onopang'ono m'madzi osati madzi pa mchere, pampu ikutakasa, hita ili pa madigiri 25, ndipo osagwiritsa ntchito mpaka madzi atayera ndi kuyezedwa. Alkalinity sitinaithire mankhwala alionse. Ikukwera yokha ndi madzi atsopano, osapitirira dKH imodzi patsiku. Mu reactor (chigubu chosefera chodutsamo madzi) tinaikamo activated carbon ndi CupriSorb kuti zikoke kopa.

Mwa Acropora 9, asanu ndi mmodzi anali atatheratu. Pa atatu otsalawo tinadula nsonga zamoyo, sentimita imodzi pamwamba pa pomwe mnofu unalekezera, n'kupita nazo ku thanki yathu yosungira. Pamwala wina panali Palythoa, makorali ofewa okhala ndi palytoxin, ndiye tonse tinavala magolovesi ndi magalasi a m'maso tisanausunthe. Palytoxin ndi poizoni woopsa, amalowa pachilonda kapena m'diso, ndipo mwala wotere suphikidwa kapena kukwechedwa wouma m'nyumba.

Chovuta chimene chatsala ndi miyala. Kopa amakakamira pa miyala ndi mchenga wa calcium carbonate, n'kumatuluka pang'onopang'ono pambuyo pake, ndiye madzi akhoza kuonetsa 0 lero koma vuto lidakalipo. Makilogalamu 50 a miyala imeneyo mwina adzafunika kuchotsedwa onse, ndipo zikatero thanki iyambiranso kukhwima kuchokera pachiyambi.

Lachinayi linathera pa kusintha madzi ndi kulemba lipoti. Ndinapempha zinthu zitatu: kuti m'sitolo musapezekenso chitsulo cha brass kapena kopa pa shelefu ya zamadzi amchere, kuti pasakhale thanki yoperekedwa popanda wosaina kuti magetsi anazimitsidwa ndipo sump inasunga madzi, ndiponso kuti aliyense wa pakhomo, kuphatikizapo wokolopa, aziuzidwa zoyenera kuimbira foni. Yankho limene ndinalandira linali funso loti makorali atsopano tingawapititse liti, popeza eni nyumba akhumudwa.

Lachisanu tinadzaza thanki ina yatsopano ndi madzi wamba kuti ikhale maola 48 tione ngati ikudontha. Bulkhead imodzi (cholumikizira paipi pabowo la thanki) inkadontha chifukwa inamangidwa ndi sipanala mpaka rabala kupindika. Tinaimasula, kubwezera rabala kumbali ya flange (mutu wake wotakata), n'kumanga ndi dzanja kuonjezera kota imodzi. Thanki ya quarantine, yopatulira nsomba zatsopano kapena zodwala, ikadali imodzi yokha pa kampani yonse, ndipo muli nsomba za makasitomala awiri, ngakhale aliyense akudziwa kuti Cryptocaryon, tizilombo toyambitsa madontho oyera pa nsomba, akalowa m'thanki ya makorali, imakhala masiku 76 yopanda nsomba.

Loweruka m'mawa thanki ya Lachitatu inaonetsa 32 ppt, ndipo Euphyllia awiri ayamba kutuluka pang'ono. Tikafika pa 35 tidzatumizanso madzi ku ICP, patapita masabata awiri tidzabwerezanso CupriSorb itachotsedwa, ndipo zotsatira zonse zikakhala zoyera tidzayamba ndi nkhono zisanu zokha. Ndalemba m'buku la thankiyo kuti korali aliyense asalowe izi zisanachitike, ndipo ndasaina.