Kusankha wonga ndi mitu ya zipolopolo zoombera nkhandwe ku Karoo

Pa famu ya nkhosa yomwe ndimagwirapo ntchito ku Karoo, dera louma la ku South Africa, nkhandwe zimatigwirira ana a nkhosa kwambiri nyengo yoswana. N'chifukwa chake zipolopolo za mfuti yanga ya .223 Remington ndimazidzaza ndekha. Lamulo la mfuti la South Africa la chaka cha 2000 limalola mwini layisensi kutero, bola zikhale za mfuti yomwe ili pa layisensiyo.

Ambiri amathamangira kufunsa za wonga. Ine ndimayambira ku mpope wa mfuti. Mkati mwake muli timizere topota timene timazunguza mutu wa chipolopolo kuti uuluke osagwedezeka. Ndimalowetsa ndodo yotsukira itavala kansalu kothina, n'kuona utali umene ikuyenda kuti izungulire kamodzi. Yanga imazungulira pa mainchesi 12. Mpope wotere umakonda mitu yopepuka, ya magireni 40 mpaka 55 (gireni ndi kamuyezo kakang'ono ka kulemera). Mitu yaitali ya magireni 69 kapena 77 imafuna mpope wopota kwambiri, monga wa mainchesi 8. Mukaikakamiza mu wanga, imafika chammbali papepala loyeserapo kuomba.

Ndinasankha mitu ya Hornady V-Max ya magireni 50. Kansonga kake kapulasitiki kamachititsa kuti iphwanyike ikangolowa m'thupi, nkhandwe n'kufera pomwepo osavutika. Kwa ine imeneyi ndi nkhani yaikulu. Nyama yothawa ndi bala imafa mozunzika, komanso imachenjeretsa zinzake. Mutu woterewu suchedwanso kusweka ukagunda mwala, ndipo kuno miyala ili ponseponse, nkhosa zili pafupi.

Tsopano wonga. Chigoba cha .223 n'chaching'ono ndipo mutuwo ndi wopepuka, ndiye pamafunika wonga woyaka msangako kusiyana ndi wa mfuti zazikulu. Ndinayesa S335 ndi S321 a kampani ya Somchem, opangidwa konkuno, komanso N133 wa Vihtavuori wochokera ku Finland. S321 ndi wa timibulu tozungulira, amatsika bwino m'choyezera. Enawo ndi a timitengo tating'ono, choncho muyezo uliwonse ndimautsimikiza pa sikelo.

Muyezo sinditenga kwa mnzanga kapena pa intaneti. Ndimatsegula buku la kampani yopanga wongawo, n'kuyamba ndi muyezo wotsikitsitsa, kenaka kumakweza pang'onopang'ono. Ndikaomba ndimatola chigoba chilichonse n'kuchiyang'anitsitsa. Primer (kachitsulo koyatsa wonga kakumbuyo kwa chigoba) ikaphwatalala, kapena bawuti ya mfuti ikalimba potsegula, ndiye kuti mphamvu yapyola malire, ndimabwerera m'mbuyo. Pa tebulo pamakhala chitini chimodzi chokha cha wonga, kuopa kusakaniza.

Chimene chimanditengera nthawi ndi nyengo. Nkhandwe timaisaka usiku, ndipo m'nyengo yozizira madzi amaundana m'zomwera za nkhosa, pomwe masana a Januwale dzuwa limaotcha zedi. Wonga ukatenthedwa mphamvu yake imakwera, ukazizidwa liwiro limatsika. Choncho malire a muyezo ndimawayesa masana kukutentha, koma kumene chipolopolo chikugwera pa mamita 100 ndi 200 ndimakaona m'bandakucha, kukuzizira ngati nthawi yosaka.

Ndinakhazikika pa S335, osati pa muyezo wothamangitsa kwambiri, koma pa umene mabowo ake papepala anaunjikana pamodzi. M'kope ndimalemba wonga, muyezo, mutu, primer, utali wa chipolopolo ndi nambala ya gulu yolembedwa pa chitini. Ndikagula chitini cha nambala ina, ndimatsitsa muyezo n'kuyesanso, chifukwa magulu awiri a wonga wa dzina limodzi sayaka mofanana ndendende.