Chiphaso cha pakhoma ndi madzi a m'khitchini

Bungwe lathu lothandizana pamaliro, la ife amene makolo athu anachokera ku Malawi n'kukhazikika ku Mbare ndi ku Highfield mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, linandituma kukapeza malo odyera oti tikachitireko msonkhano wa kumapeto kwa chaka. Popeza ambiri m'bungwemu ndi achikulire, ndinayamba ndafunsa za ukhondo ndisanafunse mtengo wa nsima.

Muno mu Harare malo ogulitsa chakudya amayenera kukhala ndi chiphaso cha khonsolo, ndipo oyendera zaukhondo ochokera ku nthambi ya zaumoyo ndiwo amaona khitchini, zimbudzi ndi mosungira chakudya. Ophika nawonso amayenera kupimidwa kuchipatala n'kukhala ndi zikalata zake. Pamalo oyamba, mayi woyang'anira anandionetsa zonsezi mosanyinyirika, koma nditawerenga madeti ndinapeza kuti zikalata za ophika awiri zinali zitatha ntchito, ndipo mnyamata amene ankaduladula nyama analibe n'chimodzi chomwe.

Chinandidetsa nkhawa kwambiri ndi madzi, pakuti chiphaso chimangonena za tsiku limene woyendera anabwera, pomwe m'madera athu ambiri mipope imauma kwa masiku angapo ndipo magetsi amathima kwa maola ambiri. Kolera wa 2008 mpaka 2009 anapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo wa mu September 2018 anabuka ku Glen View ndi ku Budiriro muno mu Harare, kumene zonyansa za m'mapaipi ophulika zinalowa m'madzi a m'mijigo ndi m'zitsime. Choncho ndinafunsa kuti, “Mayi, madzi akasiya kutuluka mumatunga kuti, nanga mumathiramo mankhwala?” Anangoloza migolo iwiri yosavindikira pafupi ndi khomo. Ndinafunsanso za fuliji, chifukwa nyama imafunika kusungidwa pozizira mosapitirira madigiri 5, koma jenereta analibe.

Malo amene ndinasankha sanali opanda chilema. Bambo mwini wake anandiuza okha kuti oyendera anawadzudzulapo chifukwa chosowa sinki yosambiramo m'manja yosiyana ndi yotsukiramo mbale, ndipo ananditengera kukhitchini kukandionetsa sinki imene anaika pambuyo pake, sopo ali pomwepo, madzi akuchokera m'thanki yotsekedwa bwino. Mbale yawo ndi yodulirapo, ndipo msungichuma wathu anadandaula ndithu tisanapereke ndalama yogwirira malowo.