Funso la achimwene landisowetsa tulo

Achimwene anandipeza madzulo ndikuwerenga za pulotoni, kanthu kakang'onong'ono kopezeka pakati pa atomu. Atasuzumira chithunzi cha timipira titatu m'kati mwa kabwalo, toimira ma quark, tizidutswa topanga pulotoni, anati, "Kodi iwe, ma quark akowa anawaona ndani?" Ndinati palibe, ndipo palibenso amene anatulutsapo quark imodzi payokha. Anaseka chikhakhali. "Ndiye n'chikhulupiriro basi."

Mawu amenewo akundiwawabe mpaka pano.

Ndinawauza za ku SLAC, malo ofufuzira za sayansi ku California. Mu 1968 asayansi kumeneko ankathamangitsa ma elekitironi, tinthu tonyamula magetsi, mumpope wotalika makilomita oposa 3, n'kuwawombetsa pa mapulotoni a mu hydrogen wamadzi. Kenako ankawerenga kuti apatuka angati, apatukira kuti, ataya mphamvu yochuluka bwanji. Pulotoni ikanakhala yofewa ngati thonje lokhalokha, opatuka kwambiri akanakhala ochepa zedi. Koma ayi, anachuluka kuposa mmene anthu ankayembekezera, kusonyeza kuti m'katimo akugunda tinthu tolimba, tating'onoting'ono. Wasayansi wina, Feynman, anatitcha ma parton, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti ndi ma quark aja. Friedman, Kendall ndi Taylor, amene ankatsogolera ntchitoyi, analandira nazo mphoto ya Nobel mu 1990.

"Ndiye anaona ma elekitironi, osati ma quark," anatero achimwene, uku akuvala nsapato. Chondipweteka n'chakuti sananame. Ndinafuna kuwafunsa kuti nanga maso awo amaona bwanji khoma, si kuwala kogunda khomalo n'kubwerera? Koma yankho labwino limabwera mlendo atapita kale.

Mwina chandikwiyitsa kwenikweni si iwo, ndi chithunzi chija. Timipira titatu! Pa makina a HERA ku Hamburg, amene anagwira ntchito kuyambira 1992 mpaka 2007, ankagundanitsa ma elekitironi ndi mapulotoni, ndipo akamasuzumira mozama ankapeza piringupiringu wa ma gluon, tinthu tomata ma quark pamodzi, ndi ma quark ongobadwa awiriawiri n'kuzimiririka. Pulotoni ikamathamanga, pafupifupi theka la mphamvu ya liwiro lake amanyamula ndi ma gluon, amene elekitironi siwakhudza n'komwe mwachindunji. Ku CERN nako, malo ofufuzira a ku Ulaya, mu 1988, gulu la asayansi lotchedwa EMC litagwiritsa ntchito ma muon, tinthu tofanana ndi ma elekitironi koma tolemerapo, linapeza kuti pa spin ya pulotoni, khalidwe lake lokhala ngati ikuzungulira ngati nguli, yochokera kwa ma quark ndi kachigawo kochepa chabe. Nkhani imeneyo sinathebe, n'chimodzi mwa zifukwa zomwe akukonzera makina atsopano ku Brookhaven, ku America.

Zimenezi achimwene sindinawauze dala, akanati ndawavomereza. Ndalemba uthenga pafoni, ndafufuta, ndalembanso. Wangokhala pomwepo, sindinautumize, ndipo sindikudziwa ngati ndiyambire pa khoma lija kapena pa ma gluon.